Masambawo Musawatsuke

Dhaka, 12 Januwale 1997

Okondedwa Abba,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Amma ndi alamu anga a Moyna. Achimwene a Jobbar alembako kuchokera kuntchito youmba njerwa kuja? Mundiuze. Ine kuno ndili bwino, kungoti kusala kudya mumzinda n'kovuta. Dzuwa limalowa kuseri kwa nyumba zazitali munthu osaliona, timangomvera kulira kwa sairini kuti nthawi yomasula yakwana.

Musachite mantha, sindikupempha ndalama. Ndikupempha masamba.

Kuti ndilandire digiri yachiwiriyi ndiyenera kuchita kafukufuku wangawanga, ndipo Pulofesa wavomera kuti ndichite wa mitengo yathu ya m'madzi amchere. Mukudziwa mmene tsamba la bain limatulutsira mchere, uja tinkanyambita tili ana. Pa tsamba limodzi lotero pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, kuno timati mabakiteriya, tochuluka ngati anthu a mu Dhaka muno. Madzi akadzaza timamira, akaphwa timapsa ndi dzuwa, mchere tsiku ndi tsiku, koma osafa. Ndikufuna kudziwa kuti ndi tamitundu yanji, nanga timapirira bwanji.

M'phukusili muli timatumba ta pulasitiki khumi ndi tiwiri ndi magolovesi. Muthyole masamba a bain ndi a keora, asanu m'thumba lililonse. Mitengo ya kuseri kwa mtumbira wotchinga madzi ndi yokwanira. Musawagwire ndi manja. Musawatsuke. Ndikubwereza, Abba, musawatsuke. Tsiku lomwelo mupatse kondakitala wa basi ya ku Shyamnagar, ine ndikalandirira kuno.

Amma mundipatsire moni, muwauze kuti achali wa keora uja anatha kalekale.

Mwana wanu,
Tohura

Sonakhali, 2 Febuluwale 1997

Tohura mwana wanga,

Akulemba ndi mlamu wako Moyna koma mawu ndi anga, ndipo pomaliza andiwerengera kuti ndimve ngati sanathiremo mchere wake.

Tili bwino. Mbuzi yakuda ija yabereka awiri. Jobbar akuti abwera mvula ikayamba. Abba ako akuwolotsabe anthu pamtsinje, ndipo akukanganabe ndi aliyense wokwera ndi njinga.

Masamba ako walandira? Abba ako anakathyola atavala timatumba ta m'manja tija. Anthu a padoko anaseka mpaka kugwira nthiti, amvekere, "Moslem Gazi wasanduka mzamba!" Atabwera nawo ndinasuzumira m'matumbamo. Mwana wanga, matope, zitosi za mbalame, mchere mbuu! Ndinati zoterezi sizingapite ku yunivesite m'dzina la banja lino. Ndinawatsuka kawiri ndi sopo, kachitatu ndi madzi otentha, n'kuwayanika pansalu yoyera. Obooka ndi odyedwa ndi mbozi ndinataya. Ataperewera ndinaonjezera a gwafa, omwenso ndi okongola kuposa enawo. Abba ako anati unalemba kuti tisatsuke. Ndinawayankha kuti umenewo ndi ulemu chabe, ngati mlendo akamati musavutike kuphika.

Achali ndaika m'thumba lomwelo, pamwamba.

Tsopano tandiuza zoona. Ine sukulu sindinapiteko, koma tizilombo tosaoneka ndimatidziwa, anatiphunzitsa a zaumoyo chaka cha kolera chija. Ukudwala chiyani? Mkazi wa ogulitsa mankhwala akuti mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu akayamba kuitanitsa masamba kumudzi, ndiye kuti pali chomwe akubisa, ndipo zoterozo sizibisika kupitirira miyezi isanu. Ndinamuthamangitsa ndi tsache. Koma chichokereni iye, mpunga sukunditsika pakhosi. Ngati pali mwamuna, tchula dzina, Abba ako ndiwauza ndekha atadya.

Pa Idi ubwera?

Amma ako,
Anowara

Ine Moyna ndikuonjezera. Ndinawauza kuti asatsuke, anandifunsa kuti nyumba ino inakhala yanga liti. Mzere uno sindiwawerengera.

Dhaka, 16 Febuluwale 1997

Abba ndi Amma,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti Idi munadya bwino. Ine ndinadyera kuno ndi alonda, chifukwa ndinali ndi mlandu wa masamba aja.

Sindikudwala. Ndilibe pakati. Ndilibe mwamuna. Mkazi wa ogulitsa mankhwala mumuuze zitatu zonsezi, asasowe chonyamula.

Phukusi lanu ndinalitsegula pamaso pa Pulofesa ndi anzanga asanu. Labu yonse inanunkhira sopo ndi achali. Pulofesa anatola tsamba limodzi ndi kachitsulo, n'kulikweza pawindo, amvekere, "Gwafa wa m'madzi amchere! Mtundu watsopano uwu. Tiutchule dzina lanu, a Tohura?" Mpaka lero anzanga akundiitana kuti Gwafa.

Amma, tizilombo tomwe munatsukato ndi tomwe ndimafuna. Sitonse timadwalitsa. Tambiri timangokhala, ngati anthu. Digiri yanga mwaichapa ndi sopo, mwaiyanika pansalu yoyera.

Pulofesa akuti wolakwa ndine, chifukwa ntchito ya sayansi sapatsa anthu akumudzi. Akutinso masamba enieni ndi a m'kati mwenimweni mwa nkhalango, kosafika utsi, ziweto kapena anthu, ndipo a kumtumbira ndi ongoyerekezera nawo. Nanga kumeneko apiteko ndani? Achimwene kulibe. Abba anakalamba, ndipo nkhalango anaisiya chichokereni tsiku lija kambuku anatenga mng'ono wawo, bambo aang'ono a Sobhan. Ine ndekha a zankhalango sangandipatse chiphaso msanga.

Zotsatira akuzifuna mu Juni. Ndikalephera ndibwereza chaka chonse, ndipo malo ogona andilanda. Musavutikenso. Ndiona ndekha chochita.

Tohura

Sonakhali, 9 Malichi 1997

Tohura, mwana wanga,

Waalaikumu salamu. Ndalemba ndekha, ndiye upirire nazo zilembo. Zinazolowera nkhafi zala izi.

Kalata yako inafika mochedwa, akuti kunali sitalaka. Moyna anatiwerengera. Amako analira, kenako anatukwana Pulofesa, kenako anakatsuka mbale zoyera kale.

Gwafa ndi wa amako. Ine ndinathyola bain ndi keora.

Pulofesa wakoyo umuuze kuti anthu akumudzi akumupatsa moni. Umufunsenso ngati anauonapo mtengo wa bain uli chiimire, kapena amangouona m'matumba.

Zoti ndakalamba ndazimva. Ndinabadwa chaka cha njala yaikulu, uwerenge wekha, wodziwa masamu ndiwe. Dzulo ndawolotsa anthu khumi ndi anayi ndi mbuzi, madzi akukokera kunyanja, ndipo palibe ananyowa kupatula mbuziyo, mwakufuna kwake.

Ndifunseko, kungofuna kudziwa. Tsamba likathyoledwa, tizilombo takoto timakhala ndi moyo masiku angati? Timakonda mthunzi kapena madzi? Tsamba labwino ndi lakunsonga kapena lapansi? Matumba aja anatha, amako anasungiramo mbewu za maungu. Alipo ena?

Kuno kulibe nkhani. Kwayamba kutentha. Mitengo ya m'nkhalango yachita maluwa, fungo likumafika mpaka padoko. Ine ndikumata bwato ndi phula, linayamba kuchucha.

Abba ako,
Moslem Gazi

Dhaka, 19 Malichi 1997

Okondedwa Abba,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndikhululukireni, ndinalemba ndi mkwiyo. Mawu a Pulofesa aja sindikanayenera kuwabwereza, ndipo Amma muwauze kuti achali ndadya wonse ngakhale amamveka sopo.

Ndasangalala kuti mukufuna kuyesanso. Mayankho ndi awa. Tsamba likathyoledwa lisapitirire masiku awiri, ndipo likhale pozizira nthawi yonseyo. Ogula nkhanu padoko amakhala ndi ayisi ndi mabokosi oyera opepuka aja, mugule limodzi. Matumba mumange kolimba, madzi a ayisi asalowemo. Muthyole akunsonga ndi apansi omwe, koma m'matumba osiyana. Obooka ndi a zitosi musataye, amenewo ndiye abwino.

Ndatumiza matumba ena khumi. Ulendo uno kuchoka pamtengo mulunjike pabasi, osadzera kunyumba. Mukudziwa chifukwa chake.

Mwachita bwino kumata bwato, owoloka asamanyowe mapazi.

Mwana wanu,
Tohura

Sonakhali, 3 Epulo 1997

Tohura,

Moni ndikupatsa ukabwera, lero ndilibe.

Abba ako alowa m'nkhalango. Anyamuka dzana ndi gulu la a Hashem lofula uchi, amuna asanu ndi awiri, pabwato lomwe ankamata lija. Matumba ako anawakulunga m'nsalu ngati Korani.

Iwe unali kusukulu chaka chija, sunaone. Ine ndinaona zomwe anabweretsa za Sobhan. Zinakwana m'dengu la nsomba. Abba ako ndi amene anakazilanda kwa chilombocho ndi nkhwangwa m'manja, ndipo tsiku lomwelo analumbira pamaso panga ndi pa imamu. Ndinawakumbutsa lumbirolo atanyamula kale mkeka. Ukudziwa zomwe anayankha? Ati, "Ndinalumbira kuti sindidzakafunanso uchi. Za masamba sindinalumbire." Ndinati, "Nanga uchi mukaupeza?" Ati, "Ukandipeza wokha ndi nkhani ina."

Tsopano ndakhala wamasiye mwamuna ali moyo, monga mwa mwambo wathu amuna akalowa m'nkhalango. Tsitsi sindipesa. Mafuta sindidzola. Tsabola sindikazinga. Chitseko sinditseka, angatsekeke njira. Sopo sindigwira, pamenepo usangalale. Bonbibi, mzimu mwini nkhalango, ndamulonjeza tambala wofiira uja.

Amalume a m'nkhalangomo, aja anatenga Sobhan, dzina lawo sinditchula ngati mmene unachitira iwe m'kalata, chaka chino atenga kale anthu atatu kumtsinje wa kumwera. Anzathu amalowa m'nkhalango chifukwa ana akulira njala. Wanga walowa chifukwa cha tizilombo tomwe iye mwini sadzationa. Akapanda kubwera, anthu pamaliro ndidzawauza kuti anafera chiyani? Tandilembera yankho, ndiwe wophunzira.

Anowara

Ine Moyna. Kalata yako ya ayisi ija ndinawawerengera ndine, kawiri, iwo akugwedeza mutu. Sindinazindikire kanthu. Amma sakudya. Bwera.

Padoko la msika, 15 Epulo 1997

Amake Jobbar,

Ndatuluka, ndili moyo. Pesa tsitsi, tseka chitseko. Kalatayi ndapatsa Hashem, pamodzi ndi uchi umene unandipeza wokha.

Amalume sindinawaone. Ndinangoona mapazi awo kawiri. Kachiwiriko madzi anali akulowabe m'mapazimo, ndiye tinabwerera chafutambuyo mpaka kubwato, wina osatsokomola. Hashem wakalamba, anapemphera mokweza mapemphero omwe sawadziwa.

Masamba ndathyola dzulo masana, kutali kumwera, komwe ngakhale a zankhalango safika. Ndinakwera mtengo ndekha, anzanga atandizungulira ndi miyuni, akunditukwana. Hashem amvekere, "Anzako akukwera kutsata njuchi, iwe ukutsata ndiwo za mbuzi!" Ndinamuuza kuti pa tsamba limodzi pali anthu ochuluka ngati a mu Dhaka. Anati ndiye uwauze atsike atithandize kupalasa.

Potsika ndinaponda chisonga, mizu yosongoka yotuluka m'matope ija. Chinalowa kuphazi pang'ono. Ndamanga ndi fodya ndi nsanza. Si kanthu.

Bokosi ndi ayisi ndagula. Kondakitala sindimukhulupirira, ali ndi nkhope ya munthu wotsegula maphukusi. Ndipita nawo ndekha ku Dhaka. Mwana anati ndisadzere kunyumba, ndipo ulendo uno ndimvera iye. Komanso ndikufuna kuiona nkhope ya Pulofesa.

Moslem Gazi

Sonakhali, 17 Epulo 1997

Bambo a Jobbar,

Asalamu alaikumu. Akulemba ndi Moyna, ndipo wobweretsa kalatayi mumudziwa mukamuona.

Mwana wanu amene mwamulondola ku Dhaka ali pano, wakhala pamkeka, maso atatupa. Kalata yanga inagona kupositi masiku khumi. Ataiwerenga anakwera basi tsiku lomwelo kudzakuletsani ulendo umene munabwerako kale. Wafika dzulo, Hashem atangochoka. Ndiye kuti munadutsana pamtsinje wa Padma, inu pa pantoni yopita, iye pa yobwera, wina atakumbatira bokosi, wina atakumbatira chikwama. Magazi amodzi, nzeru zimodzi.

M'mawa uno watulutsa matumba m'chikwama, tapita kuseri kwa mtumbira, paja timamangirira mbuzi. Ine ndimagwira thumba, iye amathyola. Tabwerako mpunga usanapse. Ndinamufunsa, "Ndiye zimene wasautsira mudzi wonse miyezi itatu ndi zimenezi?" Anati, "Amma, musayambe." Ndinati, "Sindinayambe ndine." Manja anandiyabwa poona zitosi zija, koma ndinawapinda kumbuyo.

Akunyamuka masana ano ndi bokosi lakelake. Mawa ndi Idi ya nsembe. Mwamuna ali ku Dhaka, mwana ali pamsewu, wina ali kunjerwa. Nyama tidya ine ndi Moyna ndi mphaka.

Tambala wa Bonbibi ndinakamutaya dzulo kumphepete kwa nkhalango monga ndinalonjezera. Madzulo omwewo anabwerera yekha. Sindikudziwa ngati zikuwerengedwa.

Phazilo mulionetse kwa dokotala. Inu mukati si kanthu ndimadziwa. Ndi mmene munanenera chaka chija munathyoka nthiti.

Amake Jobbar

Dhaka, 24 Epulo 1997

Okondedwa Amma,

Asalamu alaikumu. Khalani pansi alamu asanayambe kuwerenga. Abba ali moyo, ndipo akuchira. Ndayambira pamenepo kuti zinazo muzimve ndi mtima umodzi.

Ali m'chipatala. Ndinawapeza atawachita kale opaleshoni. Achotsa zala ziwiri za phazi lamanzere ndi mnofu wa m'mbali. Mwendo wapulumuka.

Nkhani yake ndaimva kwa iwo, kwa mlonda wathu ndi kwa Pulofesa. Basi yawo inaima pa pantoni tsiku lathunthu ndi theka, kumbuyo kwa malole a ng'ombe za Idi. Anafika pachipata cha yunivesite masana a tsiku lomwe ine ndimanyamuka kwanu, n'kupeza atatseka chifukwa cha tchuthi. Mlonda ataona munthu wa nsalu yamatope atasenza bokosi loyera anati, "Nsomba sitigula kuno, agogo." Abba anati, "Si nsomba, ndi sayansi." Mlonda anati, "Sayansi yapita ku Idi, mubwere Lolemba." Abba anakhala pansi pa mtengo pachipata pomwepo, bokosi pamiyendo.

Mwamwayi Pulofesa anaiwala mapepala mu ofesi, ndiye anabwera chakumadzulo. Mlonda atawachitira sawasha, Abba anadzikoka n'kuimirira, akunjenjemera ndi kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Anafunsa, "Ndinu Pulofesa?" Iwo anati eya. Abba anati, "Ndine anthu akumudzi. Ndabweretsa masamba." Atatero anagwa.

Pulofesa akuti atakweza nsalu anapeza mwendo utatupa mpaka m'bondo, phazi litada. Anawanyamula ndi mlonda kuwaika m'galimoto yawo, Abba osalola kusiya bokosi. Dokotala akuti m'balamo munalowa tizilombo ta m'matope a madzi amchere, tothamanga kwambiri. Akuti akanabwera kunyumba n'kumamanga fodya masiku ena awiri, bwenzi pano tikulandira anthu opepesa. Ndiye Amma, munanena zoona kuti tizilombo tosaoneka timadwalitsa. Ndavomera. Musandikumbutse chaka chonse.

Kalata yanu ndinawapatsa atatsitsimuka. Anaiwerenga, n'kuseka za tambala mpaka namwino kuwakalipira.

Pulofesa amabwera tsiku lililonse ndi malalanje. Poyamba ankangoima pakhomo ngati mwana woswa mtsuko. Tsopano amakhala pabedi ndi kabuku, akufunsa kuti bain amachita maluwa liti, nanga chifukwa chiyani keora samera pamodzi ndi mtengo wa sundari. Abba anawafunsa funso lawo lija. Pulofesa anaulula kuti m'nkhalango analowamo kamodzi, pa sitima ya alendo, ndipo sanatsike.

Tsopano chinsinsi. Bokosi la Abba ndinalitsegula ndekha mu labu. Ayisi anasungunuka kalekale, madzi a fungo la nkhanu analowa m'matumba onse, masamba anasanduka phala. Palibe ngakhale limodzi loti ndingaligwiritse ntchito. Amma, ndinakhala pansi pomwepo. Munthu wadutsa pamapazi a kambuku, wasiya zala ziwiri, chifukwa cha chiganizo chimodzi chomwe ndinalemba nditakwiya, ndipo ine ndikutaya zonse m'ndowa. Matumbawo anawamanga ndi mfundo zawo za bwato, ndinachita kudula ndi lumo.

A kuseri kwa mtumbira aja, omwe munandigwirira thumba, ndiwo agwira ntchito. Ndinawabzala m'timbale tagalasi, ndipo tizilombo tamera timadontho tachikasu, tofiirira, tina toyera ngati mkaka, mitundu yoposa makumi awiri. Pulofesa akuti ndi zokwanira digiri, za m'kati mwa nkhalango tidzaona chaka china. Sananene zimenezi mu Febuluwale.

Abba ndawauza kuti masamba awo anafika bwino. Dzulo ndinawatengera kambale kamodzi, nditakamata, ndi kuwauza kuti awa ndi a mtengo munakwera uja. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitana odwala anzawo kuti adzaone.

Musadzawauze, Amma. Ngakhale mutakangana. Alamu, inunso.

Mwana wanu,
Tohura

Kuchipatala, Dhaka, 4 Meyi 1997

Amake Jobbar,

Asalamu alaikumu. Uli bwanji? Mbuzi zili bwanji? Bwato mwalikokera pamthunzi? Hashem umuuze asalibwereke, amapalasa ngati akutakasa mphodza.

Ine ndili bwino. Zala zatsala zisanu ndi zitatu, ndaziwerenga kawiri. Zopitazo sizinkagwira ntchito yambiri. Ndayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pawindo. Chakudya cha kuno alibe nacho chifundo, nsomba yake siidziwika kuti inafa chaka chiti. Madzi okha ndiwo abwino, alibe mchere ngakhale pang'ono, ndimamwa ngati ngamira.

Pulofesa ndi munthu wabwino, kungoti sadziwa zambiri. Ndikumuphunzitsa pang'onopang'ono. Akuti mvula ikatha abwera kwathu ndi ophunzira ake kuti ndikawaonetse mitengo. Usadzawatsukire kanthu.

Moyna, iwe ukuwerengawe, zotsatirazi zilowe khutu la apongozi ako okha, ndipo ukatha ung'ambe.

Mwana akunditengera timbale ta madontho, akuti ndi tizilombo ta masamba anga. N'tokongola, sindikana. Tina tachikasu ngati uchi woyamba. Koma amake Jobbar, ine ndakulira pamtsinje, fungo la chinthu chowola ndimalidziwa ndili m'tulo. Masamba aja anafa tili pa pantoni. Ndinatsegula bokosi ng'ombe zikulira mbali zonse, ndinanunkhiza, ndinatsekanso. Ndinapitirira chifukwa kubwerera kunali kutali, komanso ndikanamuyang'ana bwanji Hashem? Ta m'timbaleti ndi ta pomangirira mbuzi. Ndikudziwa, ndipo ndikuganiza kuti iwenso ukudziwa.

Mwanayu kunama sadziwa. Akamanena amayang'ana pansi n'kumakanda mphuno, ngati iwe ukathyola chinthu changa. Dzana anaonjezera kuti a kunsonga ndiwo anabereka kwambiri. Ndinati ndinadziwa, n'chifukwa chake ndinakwera mpaka pamwamba. Anatuluka panja kukapukuta maso, ine ndinayang'ana kukhoma.

Usamuuze. Chichokereni pakhomo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri kupita kusukulu ya ku Khulna, mwana ameneyu sanakhalepo nane pansi masiku awiri otsatizana. Akabwera kumudzi amakhala ndi mabuku, ine ndili pamtsinje, ndipo tikakumana pa mpunga timafunsana za mvula. Tsopano akwana masabata awiri. Akaweruka ku labu amabwera, amandisendera malalanje a Pulofesa, amandidula zikhadabo, n'kumandifotokozera mmene tizilombo take timadyera mchere. Ine ndimafunsanso ngakhale zomwe ndamva kale. Dzulo anandifunsa za Sobhan, ndipo ndinamuuza zonse, zomwe ngakhale iwe sindinakuuze.

Dokotala amafuna kunditulutsa Lachinayi. Ndamuuza kuti phazi likupwetekabe ndikaliponda. Wandionjezera masiku atatu.

Mwamuna wako,
Moslem Gazi